Market Photo Workshop: Kalasi Ikatha, Maphunziro Amapitirira

Abale ambiri kuno ku Joni amandifunsa ngati sukulu yojambula zithunzi ya Market Photo Workshop ili yoyenera kuikapo ndalama zomwe munthu wazikhetsera thukuta. Ine ndimati inde, ndipo sindikutero chifukwa cha aphunzitsi okha.

Sukuluyi ili ku Newtown, pafupi ndi Market Theatre. David Goldblatt, katswiri wojambula zithunzi wa ku South Africa, anaiyambitsa mu 1989, tsankho lidakali pachimake, kuti amene ankamanidwa mwayi nawonso aphunzire kugwira kamera. Wojambula zithunzi wotchuka Zanele Muholi anaphunzira pomwepa. Aphunzitsi ake ntchito amaidziwa, ndipo akamaunika zithunzi zako pamaso pa anzako sakunyengerera. Tsiku loyamba zimawawa, koma diso limatseguka.

Chimene chinandikoka mtima n'chomwe chimachitika kalasi ikatha. M'gulu lathu munali ochokera kumayiko ena, ndipo aliyense anabwera ndi kaluso kake. Ine nkhope za anthu akuda zinkandivuta padzuwa la masana: kumwamba kuli mbuu, nkhope ili bii, maso osaoneka. Mlongo wina wa ku Lubumbashi, ku Congo, anatola katoni yoyera, n'kuimitsa mnzathu mbali imodzi, iye n'kumapendeketsa katoniyo pang'onopang'ono pansi pa chibwano. Ndinaona kuwala kukukwera patsaya mpaka kukalowa m'maso. Chingerezi chake chinali chochepa, ankangoti "ona, ona" m'Chiswahili chakwawo, akuloza ndi chala. Mpaka pano sindipita kukajambula ukwati wa a Malawi anzathu popanda katoni m'chikwama.

Mnyamata wa ku Bulawayo ndiye anatiphunzitsa kupempha chilolezo m'Chizulu. Ankati munthu umayamba wamupatsa moni, "Sawubona, baba", kamera ili m'munsi, osaikweza mpaka atavomera. Kwathu sitichita kuuzidwa zimenezi, koma mumzinda uno mantha amakuiwalitsa ulemu.

Inenso ndinali ndi changa. Ukalipentala ndinauphunzira ku Ndirande, ndiye Loweruka lina ndinawaitana komwe ndimakhala, tinaphwasula mapaleti akale n'kupanga mafelemu oikamo zithunzi. Kudula ngodya ya madigiri 45 kunawatayitsa thukuta, koma aliyense anabwerera ndi felemu yake m'manja. Mafelemu ogula ndi okwera mtengo, moti wophunzira amatha kusiya chithunzi chabwino chili m'foni basi.

Chovuta ndi nthawi. Ambirife timagwira ntchito zam'nyumba, zam'dimba kapena zaulonda, ndipo mabwana ena salola kuchoka msanga. Ngati ndinu wothamangira taxi kalasi ikangotha, mudzaphonya theka la zomwe mukanapeza. Konzani ndi abwana anu musanalembetse.

Musanalipire, kaoneni kaye zithunzi zomwe amaonetsa m'chipinda chawo choonetsera zithunzi, mucheze ndi ophunzira omwe muwapeze pamenepo. Mukatsika ku renki ya mataxi ya Bree, kamera ikhale m'chikwama wamba, osati pakhosi, mpaka mutalowa mkati.