Tsiku loyenda pansi ku Cape Point ndi ana athu awiri: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Tinalipira kampani ina yoperekeza alendo kuti ititengere ku Cape Point, ku South Africa, kwa tsiku lathunthu. Tinalipo anayi: ine, mayi a kunyumba, mnyamata wathu wa zaka 16 ndi mlongo wake wa zaka 14. Nyenyezi zinayizi ndi za bambo amene anatiperekeza. Imodzi ndachotsa chifukwa cha momwe kampaniyo inagawira nthawi.

Makolo anzanga mukudziwa kuti ana a msinkhu uwu savuta kutopa ndi zinthu. Ukawalozera phiri amangoti "eya", maso ali pa foni. Nkhawa yanga inali yomweyo, kuti tiyenda tsiku lonse ngati tikukoka mbuzi pachingwe. Bambo aja sanawalande mafoni ndipo sanawalalikire. Titangotsika m'minibasi anapatsa mnyamata mapu a pepala n'kumuuza kuti atsogole ndi iyeyo. Mtsikana anamupatsa ntchito yolondera anyani, poti anyani a kumeneko anazolowera anthu moti amatsomphola chikwama uli chigwirire, ndipo kuwadyetsa n'koletsedwa. Kuyambira pamenepo anawo anali ndi udindo, ife akuluakulu tikutsatira pambuyo.

Pali kasitima kokwera nako pamwamba, koma ife tinasankha masitepe. Pamwambapo pali nyumba yakale ya nyali yowongolera sitima zapamadzi, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1860. Apa ndi pamene ndinaona luso la bambowa. Anangofunsa anawo kuti, nyali yoima pamalo okwera chonchi, mamita oposa 200 kuchokera pamadzi, anaisiyiranji? Anakangana ndithu, wina akuti mphepo, wina akuti mafuta ankavuta kukweza. Kenaka nkhungu inadutsa patsogolo pathu n'kuphimba nyanja yonse, mtsikana n'kufuula kuti wadziwa. Inde, nyaliyo inakwezeka mopitirira, moti nthawi zambiri inkabisika mu nkhungu. Sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania itasweka pamatanthwe apafupi mu 1911, anamanga nyali ina m'munsi, pa mamita 87, yomwe inayatsidwa mu 1919. Mwana wangayo mpaka lero amaifotokoza nkhaniyi ngati anaitulukira yekha.

Gawo lomwe linandigwira mtima ndi njira yochoka poimika magalimoto kupita ku Cape of Good Hope. Imadutsa m'mphepete mwa phompho, pena pamatabwa, pena pamiyala, ndipo pansi umaona mchenga woyera wa Dias Beach, gombe lotchedwa dzina la Bartolomeu Dias amene anazungulira derali pasitima mu 1488. Mnyamata anafuna kutsika kukasambira. Bambo aja anamukaniza mwaulemu koma mosanyengerera, anamulozera mmene madzi amakokera kubwerera pakati, n'kumulola kutsika masitepe kukaponda mchenga basi. Potsika anathamanga. Pokwera anafika ali wefuwefu, koma akumwetulira, chinthu chomwe kunyumba chasowa masiku ano. Tinaonanso mbira zikuothera dzuwa pamiyala ndi nthiwatiwa ziwiri pafupi ndi madzi amchere, zomwe mayi ake sanakhulupirire mpaka ataziyandikira.

Pachikwangwani cha Cape of Good Hope panali mzere wautali wa ojambulitsa. Ife tinkaganiza kuti tafika kumapeto kwenikweni kwa Africa chakummwera, koma anatiwongolera kuti malo amenewo ndi Cape Agulhas, kutali ndithu chakummawa.

Tsopano chodandaula changa. M'mawa minibasi inazungulira kutenga alendo ena kwa nthawi yopitirira ola, ndipo ola limenelo analidula ku Boulders Beach, pafupi ndi Simon's Town, komwe kuli mapengwini. Mtsikana wathu ulendo wonsewu anavomera chifukwa cha mbalame zimenezi. Anali atawerenga kuti zinakhazikika pagombeli m'zaka za m'ma 1980, kuti zimalira ngati bulu, komanso kuti mtundu wake uli pachiwopsezo chachikulu chotheratu. Tinangoima kanthawi kochepa pamatabwa, asanamve n'kulira komwe, dalaivala ali tiyeni tiyeni. Anakwera galimoto misozi ili m'maso, ndipo zinandipweteka.

Chinanso, uthenga womwe anatitumizira titalipira sunatchule za mphepo kapena nsapato. Mphepo ya kumeneko imaomba mwamphamvu ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mayi a kunyumba anazizidwa, ndipo mtsikana anatuluka matuza chifukwa anavala nsapato zatsopano. Mwayi wake bambo aja anali ndi pulasitala ndi jekete yapadera m'chikwama mwawo. Izi kampani inayenera kutiuza tisananyamuke, si zovuta.

Ngati muli ndi ana a msinkhu umenewu, tengani ulendo woyenda pansiwu, osati wongokhala m'basi. Funsiranitu kuti m'galimoto mudzakhala anthu angati komanso kuti ku Boulders mudzakhala mphindi zingati. Nyamulani madzi okwanira, majekete ndi nsapato zomwe phazi linazolowera kale. Ife kampaniyo tinailembera za ola lija, ndipo mtsikana tamulonjeza kuti tidzabwerera ku Boulders patokha, m'mamawa, akakhale mpaka amve kulira kwa mapengwini.