GNU Backgammon patatha miyezi 8: nangula kapena pointi yakunyumba?

Nditangoika GNU Backgammon, pulogalamu yosewerera ndi kuunika masewera a pa bolodi a backgammon, pa laputopu ndinanena kuti ndi yaulere, yosakongola m'maso, koma yamphamvu zedi. Patha miyezi 8 ndipo zonsezo zikadali choncho. Chimene chasintha ndi kasewedwe kanga pa maponyo awiri oyambirira.

Kwa amene sanaonepo bolodi lake: aliyense ali ndi nkhomo 15 (dzinali ndabwereka ku bawo), mapointi alipo 24, ndipo nkhomo zako ziwiri zimayambira kutali, pa 24, m'nyumba mwa mnzako. Nkhomo ziwiri zikakhala pamodzi, mnzako sangapondepo, koma ikakhala yokha angaimenye, iyo n'kukayambiranso kulowera m'nyumba mwake. Ukamanga chotero kunyumba kwako, ukumutsekera njira. Ukamanga m'nyumba mwake ndi ziwiri zam'mbuyo zija, ndiye nangula ameneyo: ngakhale akumenye kangati, uli ndi poponda pobwerera.

Ine ndinali munthu wa nangula. Masewerawa anandiphunzitsa mnzanga wa ku Turkey, kumene amawatcha tavla, ndipo ankandidya gammon mopanda chisoni, kuluza kumodzi koma kowerengedwa kawiri. Mantha anandilowa m'mafupa. Nditamva kuti katswiri wa masewerawa Paul Magriel anatcha pointi 20 kuti pointi yagolide, ndinati basi, mankhwala ndawapeza. Ndikaponya 2-2 pa madayisi poyankha sewero loyamba la mnzanga, ndinkathamangitsa ziwiri zam'mbuyo kuchoka pa 24 mpaka pa 20, kenaka n'kupumira m'mwamba.

Pulogalamuyi inandiikira chizindikiro pa sewero limeneli mobwerezabwereza mpaka ndinayamba kuikwiyira. Nthawi zambiri imafuna 13/11 ziwiri (nkhomo ziwiri kuchoka pa 13 kupita pa 11) ndi 6/4 ziwiri. Chifukwa chake ndinachimvetsa mochedwa: ndinkawononga ponyo lonse pogula chitetezo pamene palibe amene akundiopseza. Mnzanga ali ndi pointi imodzi yokha kunyumba kwake, nanga ndikuthawa chiyani? Ndi ponyo lomwelo ndikanatseka pointi 4, n'kuika zina ziwiri pa 11 zoyang'ana pointi 5.

Pa 3-3 ndi pamene ndaphunzira zambiri. Kusewera 24/21 ziwiri ndi 13/10 ziwiri ndi kwabwino, ndipo kawirikawiri ndi kolondola. Koma tiyerekeze mnzako watsegula ndi 5-4, wasewera 24/20 ndi 13/8. Nkhomo yake imodzi yakhala yokhayokha pa pointi 5 yako, inzake yatsala yokhanso kumbuyo. Apa nangula muiwale. Sewera 8/5 ziwiri ukumenya, ndi 6/3 ziwiri. Watseka mapointi atatu, 6, 5 ndi 3, ndipo pa maponyo 36 a madayisi awiri, 9 samulola n'kulowa komwe. Akalowanso, nkhomo zake zingakhale zili padera, iwe n'kupitiriza kumenya. Kale ndinkaona ngati uku ndi kuchita phuma. Tsopano ndisanakhudze nkhomo ndimayamba ndayang'ana ziwiri zam'mbuyo za mnzanga: zili pamodzi kapena wazilekanitsa? Akazilekanitsa ndimaukira. Akakhala kuti watsegula ndi 3-1 kapena 4-2, wamanga kale pointi kunyumba ndipo zam'mbuyo zili phee pa 24, nangula wanga amakwera mtengo, poti mpanda wayamba kundimangidwira.

Maponyo ena alibe mkangano. 3-1 ndi pointi 5, 6-1 ndi pointi 7, ndipo 4-4 nthawi zambiri imakupatsa zonse ziwiri, nangula pa 20 ndi pointi 9.

Chinandidabwitsa china n'chakuti yankho limasintha ndi zigoli za mpikisano. Pa masewero a Crawford (amene amabwera wina akangotsala ndi chigoli chimodzi kuti apambane mpikisano), ine nditatsala ndi chigoli 1 mnzanga 2, gammon yanga ilibe phindu, koma yake ikutha mpikisano pomwepo. Pamenepo pulogalamu imakometsa nangula kuposa masiku onse, ndipo mantha anga akale aja amakhala ndi ntchito. Ndikakhala kuti wotsalira ndi 2 ndine, zimatembenuka, ndimafuna mapointi akunyumba.

Sikuti makompyuta amangokonda kuukira. TD-Gammon, pulogalamu imene Gerald Tesauro anapanga ku IBM mu 1992, ndiyo inachititsa akatswiri ambiri kusiya kuika nkhomo imodzi pa pointi 5 akaponya 4-1 kapena 5-1, n'kuyamba kulekanitsa zam'mbuyo ndi 24/23. Ndiye kuti kusaka nangula msanga kunalimbikitsidwanso ndi makina omwewa.

Zofooka zilipo. GNU Backgammon imakupatsa manambala, osati zifukwa. Idzakuuza kuti sewero lako latsika pang'ono poyerekeza ndi lina, koma chifukwa chake ufufuze wekha. Miyezi iwiri yoyamba ndinaitaya posaka kusiyana kwa tinambala tating'ono pa 4-3, pamene masewero atatu amangofanana mphamvu, m'malo moti ndikonze zolakwa zazikulu ngati 2-2 ija. Mphunzitsi wake wa m'kati, amene amakuimitsa ukafuna kulakwa, ndinamuzimitsa patatha masabata ochepa, chifukwa ndinayamba kusewera momuyembekezera. Tsopano ndimamaliza mpikisano wonse, kenaka n'kuuuza kuti uunikidwe. Rollout, pamene imasewera malo amodzi maulendo ambirimbiri kuti ipeze yankho lodalirika, imatenthetsa laputopu yanga yakale ndipo batire silichedwa kutha. Chabwino n'chakuti sifuna intaneti, ndiye bandulo siikhudzidwa.

Ndipitiriza kuigwiritsa ntchito, ndipo sindinaone chifukwa chogulira eXtreme Gammon, pulogalamu ina yolipira, pa luso langa lino. Mnzanga wa tavla uja tinasewera naye sabata yatha. Anatsegula ndi 5-4, analekanitsa, ine ndinaponya 3-3 n'kumenya pa 5. Analowa ndi 4-3, n'kumanga nangula pa pointi 4 yanga, ndipo masewerowo anapambana ndi iyeyo.