Tax-Free Childcare ndi maola 30 aulere: ndalama zilipo, koma tsiku la 31 Ogasiti linandidutsa

Mwana wanga atayamba sukulu yamkaka kuno ku England, bilu yoyamba ndinaiwerenga kawiri, poganiza kuti mwina andiphatikizira ya mwana wa eni. Ine ndimasamalira okalamba, bambo ake amayendetsa basi, ndipo woti n'kumusiyira mwana palibe. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandidabwa tikupuma: "Achemwali, mukulipira yonseyo nokha? Akaunti ya boma ija simunatsegule?"

Ankanena Tax-Free Childcare, akaunti yothandizira makolo kulipira osamalira ana, yomwe inayamba mu 2017 ndipo umailembetsa pa GOV.UK, webusaiti ya boma. Ukaikamo £8, boma limawonjezera £2, mpaka £500 pa miyezi itatu, kapena kuti £2,000 pachaka pa mwana mmodzi. Mwana akakhala wolumala imafika £4,000. Ulendo woyamba ndinaikamo £400, ndipo nditadzatsegula foni ndili m'basi ndinapeza £500. Ndinatseka n'kutsegulanso kuti ndione ngati sanalakwitse. Ndalamazo sizifika m'manja, zimachoka mu akauntimo kupita kusukulu, ndipo sukuluyo iyenera kukhala yolembetsedwa. Ine zimenezi zimandikomera, chifukwa zikanati zizifika m'manja, lendi ikanazidya mwezi usanathe.

Pomwe ndinagwa m'mbuna ndi pa maola aulere. Kuyambira Seputembala 2025, makolo ogwira ntchito ku England amapatsidwa maola 30 a sukulu yamkaka pa sabata mwana akangopitirira miyezi 9. Umafunsira pa akaunti yomweyo, n'kulandira nambala ya manambala 11 yokapereka kusukulu. Koma nambalayo uyenera kukhala nayo teremu isanayambe: pofika 31 Ogasiti, 31 Disembala kapena 31 Malichi. Ine sabata ya 31 Ogasiti ndinali pa mashifiti ausiku, ndikungoti ndichita mawa, ndichita mawa. Ndinafunsira Seputembala atalowa kale. Mayi wa mu ofesi anayang'ana pepala langa, n'kupukusa mutu, nandiuza mwaulemu kuti tionana Januwale. Teremu yonse ndinalipira ndekha, akaunti ija n'kumangondipepuzako pang'ono. Palibe amene ndingamuloze chala. Tsikulo linalembedwa poyera, ine ndi amene sindinaliwerenge.

Ndipo mawu akuti "aulere" musawameze osatafuna. Maola 30 aja ndi a masabata 38 okha pachaka, onse pamodzi 1,140. Sukulu yathu imatsegula pafupifupi chaka chonse, ndiye ikawamwaza amatsala cha m'ma 22 pa sabata. Chakudya chamasana ndi matewera amatilipiritsa padera, ndipo izi sanatiuze bwino tsiku lomwe tinkalembetsa, tinangozionera pa bilu. Funsani bilu yachitsanzo musanasayine kalikonse. Chabwino n'chakuti zotsalazo ndimalipira kudzera mu akaunti ija, kotero £2 pa £8 imagwirabe ntchito.

Pa miyezi itatu iliyonse umalowa n'kutsimikizira kuti zinthu sizinasinthe. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma ukaiwala thandizo limaima. Kholo lililonse liyenera kupeza ndalama zosachepera malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma a maola 16 pa sabata, ndipo pasakhale wopitirira £100,000 pachaka (ife malire amenewo sanatisowetsepo tulo). Amene ali pa Universal Credit, thandizo la boma kwa opeza ndalama zochepa, sangatengenso Tax-Free Childcare, ndiye ayambe awerengera kuti yowapindulira kwambiri ndi iti.

Chondiwawa n'chakuti ambiri mwa anzanga amene ndimasinthana nawo shifiti sangafunsire n'komwe. Viza yawo siilola kulandira thandizo la boma, pomwe msonkho akudula mwezi ndi mwezi ngati ine ndemwe. Ine ndinatha kufunsira chifukwa ndinapeza kale chilolezo chokhala kuno mokhazikika. Iwo chomwe angadalire ndi maola 15 a ana a zaka 3 ndi 4, amene amaperekedwa kwa mwana aliyense posayang'ana mapepala a makolo. Mnzanga uja anandiuza za akauntiyi ali m'gulu lomwelo, mwana wake ali ndi chaka chimodzi ndi theka.

Kodi ndingaulimbikitse utumikiwu? Eya, kwa amene mapepala akuwalola. Ine panopa tsiku lotsimikizira ndinalilemba pa chitseko cha firiji, ndipo alamu ili m'mafoni awiri, yanga ndi ya bambo ake.