Watchdog ya systemd patatha miyezi 9 pa timakina ta m'mashopu a Lusaka

Makina amene tikukamba ndi ma Raspberry Pi 4 ndi timakompyuta ta Intel ta m'mashopu a ku Kamwala ndi ku Matero. Onse ali ndi Linux, ndipo mkati mwake mumayenda pulogalamu yotumiza zogulitsa za tsikulo ku seva kudzera pa modemu ya USB. Vuto lake linali lakuti pulogalamuyo siinkafa ayi, inkangouma. Mukafunsa systemd, imene imayambitsa ndi kuyang'anira mapulogalamu pa Linux, ndi lamulo la systemctl status, imati ili bwino, chonsecho palibe chimene chatumizidwa kuyambira m'mawa. Restart=always sathandiza pamenepa, chifukwa systemd imadzutsa chimene chafa, osati chimene changoti zii.

Mankhwala ake ndi watchdog, mlonda amene amadikira chizindikiro chochokera kwa pulogalamu nkuiyambitsanso ikakhala chete, ndipo kuiika nkosavuta. Mu fayilo ya systemd ya pulogalamuyo, mu gawo la Service, mumalemba Type=notify, WatchdogSec=30 ndi Restart=on-failure. Pulogalamu ikakonzeka imatumiza READY=1 kudzera mu sd_notify, njira yotumizira uthenga kwa systemd, kenaka WATCHDOG=1 pa masekondi 15 aliwonse, theka la nthawi imene mwaika. Nthawiyo musailembenso mu pulogalamu, iwerengeni mu WATCHDOG_USEC, momwe systemd imaiika mu mamaikulosekondi. Masekondi 30 akatha popanda mawu, systemd imatumiza SIGABRT, chizindikiro chopha pulogalamu, nkuyambitsanso pulogalamuyo.

Mbali imeneyi yagwira ntchito miyezi yonseyi osalephera. Zolakwika zonse zachokera kwa olemba pulogalamu.

Chachikulu ndi malo amene mwaika WATCHDOG=1. Ambiri amapanga thread yapadera, kagawo ka pulogalamu koyenda pakokha, yongotumiza chizindikirocho, poti ndiyo njira yachidule. Ndiye modemu ikauma, thread yogwira ntchito yeniyeni imaima pa read() kudikira yankho losabwera, pomwe inzake ija ikupitiriza kuuza systemd kuti kuno zonse zili bwino. Zili ngati mlonda woimba mluzu pageti usiku wonse akuba atalowera kuseri kwa mpanda. Chizindikiro chiyenera kutuluka mu lupu yaikulu, pambuyo poti ntchito yayendadi. Ngati pali ma thread angapo, iliyonse izilemba nthawi imene yamaliza ntchito yake, ndipo WATCHDOG=1 itumizidwe pokhapokha zonse zalemba posachedwa.

Koma samalaninso, abale, musapitirire nacho. Mukamanga chizindikirocho pa kuyankha kwa seva yakutali, netiweki ikangogwa pulogalamu izingophedwa ndi kudzutsidwa popanda chimene yalakwa. Kuno malaiti akapita kwa maola ambiri, monga zinachitikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, netiweki ya foni nayo imafooka. Funso loti pulogalamu idzifunse ndi lakuti "kodi ndikuyendabe?" osati "kodi intaneti ilipo?" Ikani malire a nthawi pa kulumikiza kulikonse, mwachitsanzo masekondi 10, akhale ochepera WatchdogSec, kuti lupu izizungulirabe ngakhale seva ili chete.

Wotchi nayo imapusitsa. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi yabatire, motero malaiti akabwera imadzuka ndi nthawi yakale, kenaka NTP, yokonza nthawi kudzera pa intaneti, imailumphitsa. Systemd imawerenga ndi CLOCK_MONOTONIC yomwe silumpha, koma pulogalamu yowerenga masekondi 15 aja ndi wotchi wamba ikhoza kusokonezeka nkuphedwa. Mu Python gwiritsani time.monotonic().

Chinthu chimene chimabisika kwa miyezi ndi ichi: watchdog ikhoza kukwirira matenda. Mwachikhazikitso systemd imasiya kudzutsa pulogalamu ikayamba ka 5 m'masekondi 10. Ndi WatchdogSec=30 malire amenewo simungawafike, choncho pulogalamu yodwala ikhoza kumaphedwa usana ndi usiku inu osadziwa. Onani systemctl show -p NRestarts pa pulogalamu yanu kamodzi pa sabata, ndipo mu journalctl -u fufuzani mawu akuti Watchdog timeout. Mu gawo la Unit ikani StartLimitIntervalSec=600 ndi StartLimitBurst=4, muwonjezere OnFailure= yokutumizirani uthenga. Pomwe pali systemd-coredump, SIGABRT iliyonse imasiya fayilo mu /var/lib/systemd/coredump. Mafayilo amenewa ndi golide pofufuza pomwe pulogalamu inaumira, koma pa khadi ya SD ya 16 GB aikireni malire ndi MaxUse= mu coredump.conf.

Pa masikiripiti a Bash, systemd-notify imafuna NotifyAccess=all, chifukwa uthenga umachokera kwa mwana wa sikiripitiyo osati kwa iyo mwini. Pa systemd yakale mauthenga ena ankatayika poti mwanayo ankafa systemd isanamuzindikire. Ngati nkotheka lembani mu Python kapena C.

Zonsezi zimafuna kuti kernel, mtima wa Linux, ikhale yamoyo. Makina onse akauma, wotsala ndi watchdog ya mu chipi: bcm2835_wdt pa Raspberry Pi, iTCO_wdt pa makina ambiri a Intel. Mumaiyatsa ndi RuntimeWatchdogSec mu /etc/systemd/system.conf, ndipo wdctl imakuonetsani imene muli nayo. Ya Raspberry Pi chipi chake chimawerenga mpaka masekondi 15 okha, ndiye ikani 10 kapena 14. Musayatsenso pulogalamu yakale ija yotchedwa watchdog pambali pake, chifukwa /dev/watchdog imatsegulidwa ndi mmodzi yekha. Softdog ndi yongoyerekezera, imakhala mu kernel momwemo, kernel ikauma nayonso ikhoza kuuma.

Yesani musanachoke pashopu. Lamulo la kill -STOP pa pulogalamu liyenera kuidzutsitsa pasanathe masekondi 30 kapena kupitirira pang'ono. Pa chipi lembani echo c > /proc/sysrq-trigger, makina agwe nkudzuka okha, koma onetsetsani kuti kernel.panic ili pa 0, apo ayi ndi kernel imene ikudzutsa makinawo inu nkumayamika chipi. Chitani zimenezi shopu itatseka.

Pali chimodzi chimene watchdog siichiza. Khadi ya SD ikavunda chifukwa malaiti azima ikulemba, makina amangodzuka ndi kugwa mpaka munthu akwere basi akasinthe khadiyo. Pamenepo pamafunika ka UPS kakang'ono, kabatire kopereka magetsi malaiti akazima, kapena overlay ya mu raspi-config yoletsa kulemba pa khadi, zogulitsa zizisungidwa pa diski ina.