Inshuwalansi ya galimoto yodzipitiriza yokha ku Britain: mmene ndayionera chaka chitatha

Inshuwalansi ya galimoto imene ndinagula kuno ku Britain ili ndi mfundo yakuti chaka chikatha, kampani imapitiriza yokha mgwirizano ndi kudula ndalama pa khadi langa la ku banki popanda kudikira yankho langa. Tsopano ndili m'chaka chachiwiri, ndipo ndaona kuti mfundoyi ndi yachilungamo pokhapokha ngati kasitomala wachenjezedwa nthawi ikadalipo.

Kalata yochenjeza inafika kutatsala milungu ingapo, ndipo inaonetsa mtengo watsopano pambali pa wa chaka chatha. Sikuti kampani inachita izi mwa ufulu wake, chifukwa bungwe la Financial Conduct Authority, limene limayang'anira makampani a zachuma kuno, linalamula zimenezi kuyambira mu April 2017. Kuyambira pa 1 January 2022, bungweli linaletsanso makampani a inshuwalansi ya galimoto ndi ya nyumba kulipiritsa kasitomala wakale ndalama zoposa zimene angalipiritse munthu watsopano wofanana naye amene wagula kudzera njira yomweyo, ndipo linalamula kuti kukana kupitirizidwa kwa mgwirizano kukhale kosavuta. Pa mbali iyi ndilibe dandaulo, popeza malo okanira akuoneka bwino pa akaunti yanga ya pa intaneti.

Komabe lamuloli limangoyerekeza mitengo ya m'kampani imodzi. Mtengo wanga unakwera ngakhale kuti sindinachite ngozi, ndipo nditafufuza kwina ndinapeza wotsikirapo. Nditawauza zimenezi pa foni, anatsitsa wawo nthawi yomweyo, zimene zinandisonyeza kuti mtengo wa m'kalata uja sunali womaliza.

Ndasankhabe kuti mgwirizano uzidzipitiriza, chifukwa kuno munthu wopezeka akuyendetsa galimoto yopanda inshuwalansi akhoza kulipiritsidwa £300 ndi kulembedwa mapointi 6 a chilango pa laisensi, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimotoyo. Ngakhale galimoto yongoima pakhomo iyenera kukhala ndi inshuwalansi, kupatula ngati mwini wake wadziwitsa bungwe la boma lolembetsa magalimoto la DVLA kuti siyenda pamsewu.

Chimene sichinandikhutiritse ndi nkhani ya masiku 14 amene munthu amaloledwa kuthetsa mgwirizano ukangoyamba kumene. Kulipira masiku amene galimoto yatetezedwa n'komveka, koma kampani yanga imawonjezerapo ndalama ya ntchito ya mu ofesi, ndipo ndalamayi inalembedwa m'chikalata china, osati m'kalata yochenjeza mmene aliyense akanaiona asanaganize chochita.