Dear Mr. Henshaw: buku la mnyamata amene makolo ake analekana

Buku ili ndi laling'ono, masamba ake sakwana 150, ndipo munthu wamkulu akhoza kulimaliza madzulo amodzi. Analilemba m'Chingerezi ndi Beverly Cleary, mayi wa ku America amene anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 104. Linatuluka mu 1983, ndipo mu 1984 linapata mphoto ya Newbery Medal, yomwe imaperekedwa chaka ndi chaka kwa buku la ana lopambana m'dzikolo. Zithunzi zake, zakuda ndi zoyera, anajambula ndi Paul O. Zelinsky. Mlembiyu ananenapo kuti anyamata awiri anamulembera makalata omupempha buku lonena za mwana amene makolo ake banja linatha, ndipo n'chimene chinamuchititsa kulilemba. Ndikuliyamikira kwa makolo ndi aphunzitsi, koma pali zinthu zofunika kuzidziwa musanalipereke m'manja mwa mwana, choncho ndiulula ndi mathero ake omwe.

Nkhani yonse ili m'makalata ndi m'dayale (kope lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku) ya mnyamata wotchedwa Leigh Botts (dzinali limatchulidwa ngati Lii, ndipo iye amadandaula kuti anthu amaliyesa la mtsikana). Amayamba kulembera Boyd Henshaw, wolemba mabuku wongopeka wa m'nkhaniyi, ali giredi 2. Pofika giredi 6 makolo ake alekana, ndipo iye ndi mayi ake asamukira ku Pacific Grove m'chigawo cha California, m'kanyumba kakang'ono koyandikana ndi malo omwetsera mafuta galimoto. Mayi amagwira ntchito kwa mayi wina wophikira maphwando, kwinaku akuphunzira za unamwino. Bambo ndi dalaivala wa thiraki yoyenda maulendo ataliatali, ndipo anatenga galu wa banjalo, Bandit. Ndalama yothandizira mwana imachedwa kufika. TV inawonongeka ndipo mayi safuna kuikonzetsa. Kusukulu yatsopano Leigh alibe mnzake, ndipo wina amamubera timakeke ndi tizakudya tina tabwino timene abwana a mayi ake amamupatsa.

Luso lalikulu la bukuli n'lakuti mayankho a Henshaw sitiwaona. Timangowadziwira pa mmene Leigh akuyankhira, nthawi zina mokwiya. Mnyamatayu atatumiza mafunso a ntchito ya kusukulu, Henshaw anamubwezera mafunso ake khumi, onga akuti iwe ndiwe yani, umakhala kuti, chimakuvuta n'chiyani, umalakalaka chiyani. Leigh sanafune kuyankha, koma mayi ake anamuumiriza. Amayankha pang'onopang'ono, funso limodzi kapena awiri pa kalata, ndipo m'mayankhomo ndi mmene nkhani ya kutha kwa banja imatulukira. Kenako Henshaw amamulangiza kuti ayambe dayale. Poyamba Leigh amalephera kulemba popanda womulembera, ndiye tsamba lililonse amaliyamba ngati kalata yopita kwa Henshaw wongoyerekeza. Patsogolo amasiya zimenezo n'kumangolemba tsiku. Kusintha kumeneku mlembi sakulengeza, koma mwana wowerenga mwatcheru amakuona, ndipo ndi pamene pamaoneka kuti Leigh wayamba kuima payekha.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mmene bamboyo walembedwera. Si munthu wankhanza ayi. Pa Khirisimasi amatumiza jekete kudzera kwa dalaivala mnzake amene anamupeza pa wailesi ya madalaivala. Koma amalonjeza kuimba foni osaimba, ndipo amangoitana mwana wake kuti "kid" (mwana) m'malo momutchula dzina. Tsiku lina Leigh atatopa kudikira amaimba yekha, n'kupeza kuti bambo ali pakhomo, sali pa msewu monga ankaganizira. Pa foni yomweyo amamva kuti Bandit anasowa m'mapiri a chipale chofewa pamene bambo ankamanga matcheni ku matayala, ndipo asanatsitse foni amamva mawu a mnyamata wina akufunsa bamboyo za ulendo wokadya pizza. Mwana aliyense amene anadikirapo kholo losabwera adzamva ululu wa tsamba limeneli. Ana a madalaivala a kwathu kuno amene amapita ku Beira, Dar es Salaam kapena Johannesburg n'kutha milungu osaoneka sadzafunika kuwafotokozera zambiri.

Pamenepa ndi pofunika kusamala ngati mukuwerenga ndi mwana amene makolo ake analekana. Musalekezere kuwerenga pa foni ija, makamaka usiku mwana akukagona. Pitirizani mpaka pamene Leigh ndi mayi ake akhala m'galimoto m'mbali mwa nyanja, akudya nkhuku yokazinga, mayi atamufotokozera chimene banja linathera: anakwatirana ali ana, iwo anatopa kudikira mwamuna wokonda msewu ndi thiraki yake, ndipo bamboyo si woipa koma sadzasintha. Mayiyo sanyoza mwamuna wawo wakale pamaso pa mwana, komanso samunamizira zabwino zimene alibe. Zigawo ziwirizi ziwerengedwe tsiku limodzi.

Kwa ana athu amene Chingerezi ndi chilankhulo chachiwiri, bukuli likuyenera a Sitandade 7, Sitandade 8 ndi Fomu 1, ngakhale kwawo amawerenga a zaka 8 mpaka 12. Ziganizo zake n'zazifupi. Masamba 10 mpaka 15 pa tsiku ndi okwanira, ndipo mumalimaliza pasanathe milungu iwiri. Pali msampha umodzi kumayambiriro: makalata oyamba ali ndi mawu olembedwa molakwika mwadala, poti wolembayo ndi mwana wa giredi 2. Analemba "licked" pofuna kunena "liked", ndi "freind" m'malo mwa "friend". Mwana wophunzira Chingerezi akhoza kuwakopera m'kope ngati olondola, choncho muuzeni msanga, kapena mupatseni ntchito yowapeza ndi kuwakonza. Mawu ena ofunika kufotokozeratu ndi "rig", kutanthauza thiraki yaikulu yokoka ngolo, "CB radio", wailesi imene madalaivala amalankhulirana ali pa msewu, ndi "catering", ntchito yophikira maphwando. Muwakumbutsenso kuti mu 1983 foni za m'manja zinali zisanafale, apo ayi adzadabwa chifukwa chake bamboyo sakungotumiza uthenga pa WhatsApp.

Gawo la alamu ndi limene anyamata ambiri amalikonda. Bambo atatumiza madola 20 opepesera za galu, Leigh, pofuna kugwira womubera chakudya uja, amagula bokosi lachitsulo lakale lonyamulira chakudya, batire la mavoti 6, belu la pakhomo, switchi ndi waya, atawerenga kaye mabuku a za magetsi ku laibulale. Amalumikiza zonse kuti chivundikiro chikatseguka magetsi adutse, belu lilire. Tsiku limenelo wakubayo sakhudza bokosilo, ndipo nthawi ya chakudya itakwana Leigh amazindikira kuti naye sangalitsegule popanda kuliza belu. Limalira pamaso pa sukulu yonse, ana amamuunjirira, ndipo apa ndi pamene amapezera mnzake woyamba, Barry. Wakuba sapezeka mpaka buku kutha. Mphunzitsi wa sayansi akhoza kupanga chinthu chomwechi m'kalasi ndi mabatire a tochi ndi kababu m'malo mwa belu. Chimene chimalephereka kawirikawiri ndi waya wosasenda bwino kunsonga, kapena waya wopanda chikopa wokhudza bokosi lachitsulo, umene umamaliza batire msanga.

Pa za kulemba, bukuli limaphunzitsa bwino kuposa mabuku ena a galamala. Leigh amayesa kupeka nkhani ya chimunthu cha phula choyendetsa thiraki chimene chimasungunuka m'chipululu, koma imamukanika kumaliza chifukwa sakuidziwa. Ndiye amalemba za tsiku limene anakwera thiraki ya bambo ake atanyamula mphesa. Sapambana mpikisano wa kusukulu wolemba nkhani, amangotchulidwa mwa oyamikiridwa, koma wolemba mabuku wina amene anakumana ndi anawo amamuuza kuti analemba ngati iye mwini, osatsanzira wina. Ngati mukufuna mwana ayambe dayale atawerenga bukuli, kope la masamba 40 ndi lokwanira, ndipo mafunso khumi aja ndi poyambira pabwino, limodzi pa tsiku. Koma kopelo ndi lake. Kholo kapena mphunzitsi akangoliwerenga mobisa, kapena kuyamba kuchonga zolakwa ndi cholembera chofiira, mwana amasiya kulemba zoona tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso funso lakuti "Kodi nawenso umamva choncho?" likabwera msanga, mwana amangoti ayi n'kutseka pakamwa. Funsani za Leigh: wakwiyiranji, ukanamulangiza chiyani. Mwana amayankha za iye mwini akubisala kumbuyo kwa Leigh, ndipo muzimulola kutero. Ndipo kholo limene latsala ndi ana lisagwiritse bukuli ngati ndodo yokwapulira mnzake amene anachoka, kumati "waona, ndi mmene alili abambo ako."

Zofooka zilipo. Masamba oyambirira amayenda pang'onopang'ono, ndipo mwana wozolowera nkhani zothamanga akhoza kugwa ulesi asanafike pa za banja. Ndi bwino wamkulu awerenge mokweza masamba 20 oyamba. Umphawi wa Leigh ndi wa ku America: nyumba ndi yaing'ono ndipo lendi imadetsa nkhawa, koma mayi ali ndi galimoto ndipo chakudya sichisowa. Mwana amene banja litatha anasiya sukulu chifukwa cha fizi, kapena anatumizidwa kumudzi kwa agogo, kapena akukhala ndi mayi omupeza, sadzapeza zimenezo muno. Mulibenso ankhoswe, amalume kapena azakhali. Leigh ndi mayi ake ali okhaokha, ndipo wamkulu amene amamuyang'anira kusukulu ndi bambo wosamalira pasukulupo, Mr. Fridley, amene amamupatsa ntchito yokweza mbendera m'mawa. Za nkhanza za m'banja bukuli silikhudzako n'komwe, choncho kwa mwana amene anaona kumenyana m'nyumba silokwanira palokha. Mayi a Leigh nawonso ndi oleza mtima mopitirira, sakalipa ngakhale atatopa, ndipo zimenezi zikhoza kuchititsa mayi weniweni wowerenga kudziona woperewera popanda chifukwa.

Kumapeto bambo amafika ndi thiraki, Bandit ali m'kati, atamupeza kudzera pa wailesi ija. Amafunsa mayi ngati pali mwayi woti abwererane, ndipo mayi amakana. Leigh amamubwezera galuyo bambo ake kuti aziwaperekeza pa msewu, poti iye amakhala kusukulu tsiku lonse. Ana ena amakhumudwa kuti makolowo sanabwererane, ndipo adzakufunsani chifukwa chake. Konzekerani funso limenelo, ndipo musawalonjeze zimene buku lenilenilo lakana kulonjeza. Amene akufuna kudziwa za Leigh atakula, pali buku lotsatira lotchedwa Strider, la mu 1991, mmene iye ali ndi zaka 14 ndipo amatola galu wotayidwa m'mbali mwa nyanja n'kumasinthana kumusunga ndi Barry.