Nikon D3500 ya kaunjika itadutsa dzinja la ku Zomba

Mlamu wanga wandifunsa ngati agule kamera ngati yangayi kapena angowonjezera ndalama n'kugula foni yapamwamba. Funsolo landipeza nditangolipira kumene mmisiri wa ku Blantyre amene anatsegula lenzi yanga yaitali, ndiye ndimuyankhe ndalamayo ikadandiwawa.

Kamerayi ndinaigula chaka chatha kwa mkulu wina wotsatsa malonda pa Facebook, amene amaoda katundu ku Johannesburg. Inabwera ndi lenzi yake ya 18-55mm, ndipo ndinalipira padera yaitali ija ya 70-300mm. Sindijambula maukwati. Zanga ndi ana pakhomo, mbalame za ku nyanja ya Chilwa, ndi njovu za ku Liwonde thumba likalola.

Kamera yeniyeniyo ndilibe nayo chifukwa. Ndi yopepuka, simva khosi kupweteka ngakhale utaikolekera tsiku lonse. Eni ake amati batire imajambula zithunzi 1,550 ukaitchaja kamodzi, ndipo ine magetsi akathima sindiganizako za kamera. Zithunzi zake ndi za 24 megapixel, moti mbalame ikakhala patali umatha kudula m'mbali chithunzi n'kukhalabe chooneka. Chimene chandikondweretsa koposa ndi kalenzi ka 35mm f/1.8, kolowetsa kuwala kochuluka, kamene ndinagula pambuyo pake. Madzulo m'nyumba, ndi babu limodzi lokha, nkhope ya agogo imatuluka makwinya onse ali mbee, kumbuyo kutafewa bwino.

Vuto lili pa lenzi yaitaliyo. Mu February tinali pa boti mu Shire, nkhwazi itatera pamtengo wouma, dzuwa lili kutsogolo kwathu. Ndinajambula mtima uli m'malo, koma pofika kunyumba zithunzi zonse zinali zotuwa, mitundu itazimiririka. Ndinapukuta galasi lakutsogolo, osasintha. Ndinapukuta lakumbuyo, chimodzimodzi. Kenako ndinaigulula lenziyo pa kamera n'kuunika ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo. M'katimo munali timizere toyera totambalala kuchokera m'mphepete ngati ukonde wa kangaude. Chinali chuku.

Amene amakhala ku Zomba akudziwa mmene chinyontho chimavutira nthawi ya mvula, nsapato zimene zimachita chuku m'kabati. Koma mmisiri uja atatsegula anandionetsa malo amene chukucho chinali chitadya kale utoto wopyapyala umene amapaka pagalasi. Anati zoterezi sizichitika m'miyezi iwiri kapena itatu, lenziyo inabwera ikudwala kale, mvula yathu inangodzutsa matendawo. Anaitsuka, zithunzi zinawalako, koma chipsera chinatsala, ndipo ukajambula moyang'ana dzuwa utsi uja umabwerabe pang'ono. Mvula isanathe ndinaonanso kadontho kena m'mphepete. Pano malenzi onse amagona m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho, ndipo yodwalayo ili m'kontena yakeyake.

Sabata imeneyo ndinafuna kugulitsa zonse. Chinandibweza ndi zithunzi za ana zimene ndinajambula ndi ka 35mm kaja, foni yanga sinandipatsepo zotere.

Kwa mlamu wanga ndi ena ofuna kuyamba: kamera yamtunduwu gulani, koma lenzi ya kaunjika musatumizire ndalama musanaigwire m'manja n'kuiunika ndi tochi. Onaninso zilembo zake. D3500 ilibe mota yoyendetsa focus (kulunjikitsa lenzi kuti chithunzi chioneke bwino) m'thupi mwake, choncho imafuna malenzi olembedwa AF-S kapena AF-P. Akale aja a AF-D amalowa ndithu, koma focus muzipotokola nokha ndi dzanja. Ya AF-P 70-300mm ilipo ina ya VR yoletsa kugwedera, ina yopanda, ndipo pa boti kusiyana kwake kumaoneka.

Za ndalama ndiye zowawa. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cha kamera chinakwera, poti palibe chopangidwa konkuno. Kutsukitsa kokhako, kuphatikiza thiransipoti ya ku Blantyre, kwandidyera pafupifupi theka la mtengo umene ndinagulira lenziyo.

Wogulitsa uja pa nthawi ya malonda ankayankha foni isanalire kawiri. Nditamuuza za chuku anati, "Achimwene, mwina munainyowetsa nokha." Ndinamutumizira chithunzi cha galasi lodyekalo chimene mmisiri anajambula, ndipo anakhala chete masiku angapo asanavomere kubweza theka la ndalama yotsukitsira. Watumizako gawo lina pafoni, yotsalayo akuti mwezi ukatha. Akunditsatsanso flash, koma ndamuuza kuti tikambirana akamaliza ngongoleyo, ndipo nambala yake sindinawapatse alamu.